Zimene a Isac Sanagule

Atsibweni anga a Bonifácio anagulitsa galimoto yanga Lachiwiri masana, ine ndili ku Majaua, ndikulimbana ndi matumba a nyemba. Munthu wina akagulitsa nkhuku ya mnzake amayenda mozemba. Iwo anagulitsa galimoto yathunthu, m'mawa mwake n'kubwera kwathu atavala jekete, kudzalandira zikomo.

Zogulitsazo tinali titagwirizana kale, sindikana. Mwezi wa Ogasiti chaka chimenecho, 1996, lole ina inaponda bomba lokwirira pamsewu wopita ku Mongue, limodzi mwa aja anatsalira nkhondo itatha. Amayi anga a Felizarda anandikhazika pansi. Anati sanandithawitsire ku Malawi, n'kundilera ndi nandolo wa chithandizo zaka zisanu ndi chimodzi mumsasa wa ku Muloza, kuti ndidzafere pamsewu nthawi ya mtendere. Ndinakana kugulitsa galimoto mwezi wathunthu. Kenako ndinamva kuti kutsidya kwa malire munthu wina akugulitsa chigayo cha dizilo, pomwe kwathu ku Mongue kunalibe chigayo ngakhale chimodzi. Ndinapita, ndinamvetsera injini yake, ndinachikonda. Mwiniwake anati mamiliyoni makumi atatu a ndalama yathu ya metikali, osachotsapo ngakhale kakobidi, ndipo andidikira mpaka kutha kwa Okutobala basi.

Choncho nkhani inali yachidule. Galimoto ibweretse mamiliyoni makumi atatu, ndikhale mwini chigayo. Ikalephera, nditsala wopanda galimoto, wopanda chigayo, khasu lili m'manja, atsibweni akundisakira mwamuna.

Galimotoyo anthu ankaitchula kuti Nguluwe, chifukwa cha nkhope yake, komanso chifukwa ikaona matope inkasangalala. Titabwerako ku Malawi mu 1993 tinaipeza pomwe bambo anga anaisiya pothawa, itakhala pamiyala, yopanda injini, yopanda matayala, papaya atamera pomwe pankakhala dalaivala. Bambo anaiyang'ana, analavula, n'kunena kuti akupita ku Mocuba kukafuna ntchito. Ntchitoyo inali yovala ndolo m'makutu, ndipo mpaka lero sanabwereko. Ine zaumakanika ndinaziphunzira mumsasa, kunsi kwa malole a chithandizo, pogwirira madalaivala sipanala mpaka anatopa kundithamangitsa. Zaka ziwiri ndinayenda m'tchire ndi m'mabwinja kutola zitsulo zimene nkhondo inatafuna n'kulavula. Chilichonse chimene chinali pa Nguluwe ndinachimanga ndekha.

"Mamiliyoni khumi ndi awiri," anatero atsibweni, atakhala pampando umodzi wokhawo umene tinali nawo. "Ndipo ndachita kuvutikira."

"Khumi ndi awiri a chiyani, atsibweni? A matayala okha?"

"Khala pansi, Ivone. Mwana wamkazi salankhula ataimirira ngati msilikali."

Wogulayo anali a Isac, mwini sitolo yaikulu ya pafupi ndi msika wa Milange, amene aliyense ankawatchula kuti patarawu, kutanthauza bwana, ngakhale anthu amene sanawagwirirepo ntchito. Atsibweni, amene chibadwire sanayendetsepo ngakhale wilibala yokhala ndi katundu, anayamba kundiphunzitsa za magalimoto.

"A Isac akuti ikanakhala momwe inatulukira kufakitale, akanapereka makumi atatu osadandaula. Koma iweyo unaiwononga."

"Ndinaiwononga."

"Injini si yake. Ndi ya thirakitala."

"Ya thirakitala ya kuminda ya tiyi, inde. Ndi imene imakwera mtunda itasenza matumba makumi anayi."

"Akuti galimoto yokhala ndi injini ya thirakitala ndi thirakitala yovala malaya. Pamenepo achotsapo asanu ndi awiri."

Anapinda chala china. Masipuling'i ndi matayala ndinazichotsa pa lole ya asilikali imene inagwera m'ngalande pamsewu wa ku Mocuba, ndipo zinakweza Nguluwe mpaka mbuzi inkadutsa kunsi osawerama. A Isac anati munthu wolemekezeka akwera bwanji, adzinyamula makwerero? Anachotsapo anayi. Winchi, chija cha kutsogolo chokulunga chingwe chachitsulo, chimene galimoto imadzikoka nacho ikatitimira, anati chikuoneka ngati mano a mfiti. Awiri. Mabenchi a kumbuyo, amene ndinawabwereka m'tchalitchi chopanda denga osauza woyera mtima aliyense, pamodzi ndi paipi ya mjigo imene ndinaimika m'mbali kuti utsi uzitulukira pamwamba tikamawoloka mtsinje, awiri enanso.

"Nanga chitsulo cha kunsi?" ndinafunsa.

"Chimenecho ndiye anaseka mpaka misozi. Akuti chimangomwetsa dizilo. Atatu."

Chitsulocho chinali chochindikala ngati chala changa chachikulu. Ndinachidula ku thanki ya madzi ya pabwinja la Mpwitikizi wina, n'kuchimanga kunsi kwa galimoto yonse. Sindinganame kuti chikanaletsa bomba kuphulika, koma chikanasiyira munthu miyendo yake. Amayi a ku Majaua ankalolera kugona masiku awiri m'mbali mwa msewu kudikira Nguluwe chifukwa cha chitsulo chimenecho.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene mawu amene akanandichotsa m'banja. Amayi anandigwira chigongono n'kundikokera kuseri kwa nyumba.

"Atsibweni ako agwirana chanza ndi munthu pamaso pa anthu," ananong'ona. "Ndi mwini mbumba. Mawu awo sabwezedwa ndi mwana. Ukawachititsa manyazi lero, adzakuimira ndani pa ukwati? Ine ndikafa adzalankhula ndani pamaliro?"

"Ndidzalankhula ndine."

"Iwe udzatukwana olira. Tseka pakamwa."

Ndinatseka pakamwa, ndinatunga madzi, ndinathira kumaso. Ndili chiweramire choncho pa beseni, mutu unayamba kugwira ntchito. A Isac anali ataunjika nandolo ndi nyemba matumba mazana atatu m'shedi ku Majaua, kuseri kwa mlatho umene unaphulitsidwa nthawi ya nkhondo. Malole ankathera pamlathopo. Chimene chinkatsikira mumtsinje n'kutulukira tsidya linalo chinali Nguluwe yokha, ndipo mitambo inali itayamba kale kusonkhana pamwamba pa phiri la Mulanje. Ndinabwerera kwa atsibweni, ndinagwada bwinobwino ngati mwana woleredwa.

"Atsibweni, mundikhululukire. Ndingofuna kumvetsa. Zinthu zimene achotserazo, ndiye kuti sakuzilipira?"

"Sakuzilipira. Akuti ndi zinyalala."

"Ananena pamaso pa anthu?"

"Sitolo yonse inamva."

"Zikomo, atsibweni. Mawu anu ndiwasunga."

Anandisisita pamutu. Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali, chifukwa iwo amandidziwa.

A Isac anati adzatenga galimoto Loweruka. Loweruka ndi tsiku la msika waukulu. Dzuwa likutuluka ndinaimika Nguluwe pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika, ndinayala masaka pansi, ndinatulutsa masipanala. Pomwe a Isac ankafika cha m'ma naini, atanyamula ndalama m'katoni ya sopo, atsibweni ndi amayi akubwera pambuyo pawo, mabenchi anali atatsika kale, paipi ya utsi itagona pa udzu, ine ndikumasula bawuti lomaliza la winchi. Anthu anali atayamba kuunjikana. Ku Milange munthu ukangogona kunsi kwa galimoto umapeza alangizi makumi awiri.

"Ukutani, mtsikana iwe?" anafunsa a Isac.

"Mwadzuka bwanji, patarawu? Ndikukuchotserani zinyalala."

"Zinyalala zanji?"

"Zimene simunagule. Sindingakupatseni galimoto yodzaza nyansi, munthu wolemekezeka ngati inu."

Anthu anaseka. A Isac nawonso anaseka, n'kukhala pa benchi limodzi, katoni ili pamiyendo.

"Chotsa, mwana wanga. Undipepukitsira ntchito."

"Benchi mwakhalapolo si lanu, patarawu, koma khalanibe. Sindilipiritsa."

Winchi itagwa pa saka, munthu wina anadzipanikiza kutsogolo. Anali Goodluck, Mmalawi wa ku Muloza amene ankacheka matabwa m'mphepete mwa mtsinje wa Ruo ndipo ankawoloka malire kawiri patsiku ngati akupita kuchimbudzi. Anagwada, anakoka chingwe, anazungulitsa chogwirira, anamvetsera.

"Achemwali, ichi mukutaya?"

"Ndikugulitsa, achimwene."

"Zipika zanga zimakokedwa ndi anthu asanu ndi atatu, aliyense ndi mimba yake. Ndipereka mamiliyoni awiri."

"Dikirani kaye, katundu akadatsika."

Ndinalowa kunsi. Chitsulo chija chinali ndi mabawuti khumi ndi asanu ndi limodzi, ndipo lililonse linali ndi mwano wake. Ndinaitana amuna anayi, tinachitsitsira pa mitengo, tinachikoka mpaka chinatuluka, chakuda, chamatope, chachikulu ngati chitseko cha tchalitchi. A Palmira, mayi wamkulu thupi amene ankaphika mapau, tibuledi tija tachipwitikizi, pakhomo la msika, anasiya dengu lawo n'kubwera. Anachigogoda ndi chala, anachiyeza ndi mikono.

"Uvuni wanga pansi pake ndi malata, amapsereza," anatero. "Ichi chingagwire moto tsiku lonse. Ivone, mamiliyoni awiri, pompano."

Ndinayang'ana a Isac. "Patarawu, muli ndi mawu?"

"Aphikirepo mapau. Ndi ntchito imene chimayenera."

Mtima wanga unali utatentha, ndipo mtima wanga ukatentha pakamwa pamathamanga. "Tengani, amayi," ndinatero. A Palmira anamasula mfundo ya chitenje, anandiwerengera ndalama m'manja, kenako anakhala pa chitsulocho, miyendo atatambasula, kuti aliyense adziwe mwini wake.

Ndinabweretsa jeke ndi miyala. Tayala loyamba litachoka, a Isac anasiya kuseka. Lachiwiri litachoka anaimirira. Pomwe Nguluwe inkakhala pamiyala inayi, ine nditakwera mumtengo kumanga tcheni panthambi yaikulu pamwamba pa injini, iwo anali akuzungulira galimoto, katoni ili kukhwapa.

"Tsika! Injini ndi galimoto! Unaonapo galimoto yopanda injini?"

"Ndinaiona, patarawu. Iyi yomweyi. Ndi momwe ndinaipezera. Mukafuna ndikudzalirani papaya, kuti ikhale ndendende."

"A Bonifácio! Mwana wanuyu wapenga? Tinagwirana chanza!"

Atsibweni anali atatuluka thukuta mpaka jekete linadetsedwa kumsana. Ndinatsika mumtengo, ndinagwada patsogolo pawo, anthu onse akuona.

"Atsibweni, ine sindikubweza mawu anu. Galimoto ndi ya a Isac pa mamiliyoni khumi ndi awiri, monga munanenera. Mungondikumbutsa, ndine mwana, ndimaiwala. Injini analipira?"

Atsibweni anayang'ana a Isac. Anayang'ana anthu. Pagulupo panali anthu osachepera khumi amene anali m'sitolo Lachiwiri lija, ndipo mmodzi anafuula kuti, "Thirakitala yovala malaya! Tinamva!"

"Injini ya thirakitala?" anatero Goodluck, maso atatuluka. "Achemwali, imeneyo ingazungulitse sowo yaikulu. Ndipereka asanu ndi limodzi."

Ndinaona chinthu chikusuntha pankhope ya atsibweni. Milomo yawo inkayenda, akuphatikiza. Anakonza kolala, anatsokomola, n'kulankhula ndi mawu awo a pamaliro.

"Ine monga mwini mbumba, sindingasinthe zimene tinapangana. A Isac anagula galimoto. Injini anaikana. Ine ndinalipo."

"Asanu ndi awiri!" anakuwa a Isac, osayang'ana aliyense.

"Asanu ndi awiri ndi theka," anatero Goodluck.

"Iwe Mmalawi, uli ndi chiphaso chokhalira muno?"

"Ndili ndi ndalama, bwana. Chiphaso ndinasiya kunyumba, chimandilemera."

"Asanu ndi atatu!"

Goodluck anakweza manja. Ine ndinali nditamasula kale mapaipi a dizilo ndi mawaya onse, injini ikulendewera pang'ono patcheni. Ndinaisiya choncho, kuti aziiona.

Matayala ndi masipuling'i sizinavute. A Isac anayang'ana Nguluwe ili pamiyala, anayang'ana kuphiri kumene mitambo inali itada ngati pansi pa mphika, n'kunena okha kuti anayi, mawu akutuluka ngati akuzulidwa dzino. Winchi anayesa kunyozera. Ndinawafunsa ngati anauonapo mtsinje wa pamlatho wophulika mvula itagwa kamodzi kokha. Anapereka atatu, Goodluck n'kuwatukwana mwaulemu. Mabenchi ndi paipi, imodzi. A Isac anatumiza munthu kusitolo kukatenga katoni yachiwiri.

Amayi anga anayala chitenje pansi, ndalama zinaunjikidwa pamenepo. Khumi ndi awiri a galimoto, khumi ndi asanu ndi limodzi a zinyalala, awiri a a Palmira. Makumi atatu ndendende. Ndinamva chigayo chikulira m'makutu mwanga. Amayi anayamba kumanga mfundo.

"Nanga chitsulo, patarawu?" ndinafunsa. "Kambiranani ndi a Palmira."

"Chimenecho ndiye sindichifuna zenizeni," anatero a Isac, akupukuta khosi. "Ipepuke, isenze matumba ambiri."

"Msewu uja simukuudziwa. Ochotsa mabomba sanafike kupitirira pamlatho."

"Ine ndimakhala m'sitolo, mtsikana iwe. Okwera ndi aganyu ndi amayi a nyemba. Akaopa ayende pansi."

Ananena mosabisa, ngati akunena mtengo wa mchere. Ndinaima, sipanala ili m'manja, ndipo amayi anga anaigwira mbali inayo mwakachetechete. Koma mkwiyo wanga sunapeze pogwera pabwino, chifukwa amene anamasula mabawuti khumi ndi asanu ndi limodzi aja sanali a Isac. Ndinali ine, pofuna kuseketsa msika. Lolemba Nguluwe ikanapita ku Majaua ndi nkhope yake yomweyo, amayi a ku Majaua aja akanaithamangira, ana ali kumbuyo, akukhulupirira chitsulo chimene chili mu uvuni.

Ndinapita kwa a Palmira. "Amayi, ndalakwitsa. Ndikubwezerani ndalama zanu."

"Zanga ziti?"

"Mamiliyoni awiri aja."

"Aaa, mwanawe. Awiri unali mtengo wa m'mawa." Anadzikonza bwino pa chitsulo. "Ine ndakhala pano nthawi yonseyi, ndikuphunzira. Atatu."

"Amayi, ndi miyendo ya anthu imeneyi!"

"N'chifukwa chake sindinati anayi."

Anthu anagwa nako kuseka. Ndinayang'ana amayi anga, ndikuyembekeza kuti andiletsa. Iwo anamasula mfundo, anawerenga mamiliyoni atatu, anapereka kwa a Palmira. Pachitenje panatsala makumi awiri ndi asanu ndi awiri. Chigayo chinasiya kulira.

A Isac anaona nkhope yanga ndipo mtima wawo unakhalako bwino. "Basi, masewera atha. Bwezera zonse m'malo mwake, ndikufuna inyamuke Lolemba."

"Ndibwezere?"

"Nanga ndani?"

"Patarawu, mwagula galimoto, mwagula injini, mwagula matayala. Zonse ndi izi, tengani. Manja angawa simunagule."

"Amakanika atha mu Milange muno?"

"Aitaneni."

Anaitanadi. Anabwera bambo wina wa pagalaja ya kumalire, wovala ovolosi yoyera bwino. Anasuzumira pomwe panali injini. Mawaya a Nguluwe ndinawatola pa mapolo a telefoni amene anagwa nthawi ya nkhondo. Onse anali akuda, ofanana kunenepa, makumi atatu ndi mphambu, akulendewera ngati mizu ya kachere. Umene ukupita kunyali ndi umene ukupita kubatire, kusiyana kwake kunali m'mutu mwanga mokha. Bamboyo anagwira umodzi, anausiya, anapukuta manja.

"Patarawu, iyi ndi ntchito ya amene anailodza," anatero, n'kumapita.

"Mamiliyoni atatu," ndinatero. "Chitsulo ndikumangirani ulere, ndipo ndiwotcherera mabawuti ake kuti asadzamasulidwenso."

"Atatu! Pomanga zimene wamasula wekha!"

"Ndamasula katundu wanga. Tsopano ndikumanga wanu."

"Imodzi."

"Atatu."

Kuphiri kunagunda. Sikunali kugunda kwenikweni, kunali ngati munthu akusuntha mpando m'chipinda china, koma aliyense anatembenuka.

"Awiri," anatero a Isac. "Ukakana ndiitentha pompano, tonse tikagone ndi njala."

Ndinawayang'ana m'maso ndipo ndinaona kuti afika pothera. Ndinavomera. Makumi awiri ndi asanu ndi anayi. Inaperewera miliyoni imodzi yokha, koma mwini chigayo uja anali atanena kuti ngakhale kakobidi. Ndinakhala pa tayala, mutu uli m'manja, ndikuganiza zogulitsa masipanala.

A Isac anaponya ndalamazo pachitenje, kenako mkwiyo wawo unafuna munthu wina woti umugwere. Unapeza atsibweni.

"Ndipo inu a Bonifácio, musadzapondenso pasitolo panga! Miliyoni ija ndinakupatsani kuti nkhani ithe mwakachetechete, mwakachetechete mwake ndi momwemu?"

Msika wonse unatembenukira kwa atsibweni. Ngakhale a Palmira anasiya kuwerenga. Atsibweni anayang'ana m'mwamba, mumtengo wa mango, ngati munthu amene akufuna kudziwa ngati chaka chino ubereka.

Amayi anga ndi munthu wofatsa. Mumsasa ankapatsa ena malo pamzere wa ufa. Anaimirira pang'onopang'ono, anapita pomwe panali mlongo wawo, anagwada monga mwa mwambo, n'kutambasula manja awiri.

"Achimwene."

"Mlongo wanga, zimenezi tikakambirana kunyumba."

"Achimwene, mwini mbumba amasungira mbumba. Mwatisungira, tathokoza. Tsopano tikuzifuna."

Atsibweni anapisa m'thumba lam'kati la jekete. Anatulutsa mpukutu womangidwa ndi mphira. Amayi anawerenga, ananyowetsa chala, anawerenganso.

"Zaperewera zikwi zana limodzi ndi makumi asanu."

"Ndinagulako zofunika pang'ono."

Amayi sanafunse kuti zofunika zanji. Anangotsitsa maso. Tonse tinatsitsa maso. Kumapazi kwa atsibweni kunali nsapato zachikopa zofiirira, zonyezimira, pansi pake pasanadyeke n'komwe.

"Sayizi yanji, madala?" anafunsa Goodluck.

"Iwe, ine ndi msinkhu wa bambo ako!"

"Bambo anga amavala eyiti. Ine naini."

"Ndi naini," anatero amayi. "Vulani, achimwene."

Anavula atakhala pa benchi la a Isac. Goodluck anaziyesa, anayenda masitepe atatu, anati zikumuthina pang'ono chala chaching'ono ndiye achotsapo zikwi khumi. Ndinadzuka ndi sipanala, iye n'kunena kuti wayesanso, zikukwana bwino. Anapereka zonse, zikwi zana limodzi ndi makumi asanu.

Amayi anamanga mfundo ziwiri, anaika mtolowo pamutu ngati ufa. "Ine ndikupita ku Muloza kwa mwini chigayo ndisanamve zina," anatero. "Iwe manga galimoto ya eni ake."

Atsibweni ananyamuka osatsanzika, jekete lili pathupi, masokosi ali m'manja, akusankha poponda chifukwa mchenga unali utatentha. Anthu anawapatsa njira mwaulemu wonse.

Ndinaitana amuna anayi aja kuti tikankhire chitsulo kunsi. A Palmira anadzuka pa icho monyinyirika, anafunsa ngati pabwinja la Mpwitikizi paja thanki inatsalako mbali ina. Ndinati inatsala, ndipo ndikawadulira sabata yamawa.

"Zingati?"

"Tidzakambirana m'mawa mwake, amayi. Masana mumadula."

Ndinagona chagada, ndinalowa kunsi kwa Nguluwe, ndinayamba bawuti loyamba. A Isac anawerama, nkhope yawo inaonekera pakati pa miyala.

"Itha liti?"

"Mawa madzulo, mukasiya kunditchingira kuwala. Ndipatsireni sipanala ya seventini, ili pafupi ndi phazi lanulo."

Anaitola, anaiyang'ana uku ndi uku, anandipatsa. Inali ya fotini.